Nthawi Imene Ndinalemba Pamphumi pa Mlongo Wanga

Tsikulo linali Lachinayi, ndipo ine ndinali kusita. Ndinkasita mkanjo woyera wa anthu a chipatala, ndi simbi ya makala yobwereka kwa amalume. Sindinkapita kulikonse. Mkanjowo ndinkausita kawiri pa mlungu chifukwa inali ntchito yokhayo ya chipatala imene ndinkaigwira osalakwitsa.

Inu amene munabadwira ku misasa ya ku Malawi, ndi inu obadwa titabwerera kale, mumandidziwa kuti Dotolo woimba belu. Dzina la Dotololo lili ndi mbiri yake. Ndili ndi zaka makumi awiri ndinapita ku Kilimane kukaphunzira unamwino. Ndinakhalako miyezi isanu. Mwezi wachisanu ndi chimodzi ine ndi sukulu tinagwirizana zosiyana. Inayamba kunena ndi sukuluyo. Kumudzi ndinangoti maphunziro aima chifukwa cha nkhondo. Nkhondo inali ndi milandu yambiri kale, ndiye ndinaona kuti umodzi wowonjezera siingaumve kulemera.

Ndinabwerako ndi mkanjowo, kope la zolemba za m'kalasi, ndi kabotolo ka viyoleta, mankhwala aja opaka pa zilonda amene ku Malawi amati jivi. Kope ndi kabotolo zinkakhala m'matumba a mkanjo. Ndinkadziwa kuyala bedi makona ake n'kuthwa ngati envulopu. Ndinkadziwa kusamba m'manja mpaka m'zigongono, kuwerenga kugunda kwa mtima pa mkono, ndi kutaya za m'mabeseni. Zonsezi zimafuna bedi, mpopi, ndi dokotala ali chipinda chinacho. Za munthu wovulalira kumunda tinkayenera kudzazimaliza chigawo chachiwiri.

Mudzi wathu uli pa njira ya ku Majaua. Pakhomo tinalipo ine, amayi, mlongo wanga wamkulu mana Lusiya, ndi amuna awo alamu a Bernardo. Amalume a Tomasi, alongo awo a amayi, anali katekisita. Anali ndi wotchi yokhayo m'mudzi monse. Belu la tchalitchi linali limu ya lole yopachika mumtengo wa mango, ndipo ankaimenya ndi bauti yaikulu, yotalika ngati chikhatho ndi theka.

M'mawa umenewo mana Lusiya anali pa thanthwe kuyanika makaka. Alamu anali kumangirira thumba la nyemba pa njinga. Ine ndinali pa kolala.

Kulira koyamba ndinkayesa kuti wina akuotcha nsungwi. Kwachiwiri nkhuku zinauluka mpaka pa denga. Kenako anthu anatulukira kuchokera ku msewu akuthamanga, osafuula. Mayi wina anadutsa pabwalo pathu atanyamula mtondo wopanda kanthu.

Amene ankaombera sindikuwadziwa. Ena amati anachokera kumapiri, ena amati anabwera pa lole. Ndinafunsa anthu ambiri m'zaka za ku msasa, ndipo aliyense anali wotsimikiza, koma mosiyana. Ine ndinangoona fumbi ndi misana ya anthu.

Ndinadzazindikira ndili m'munda wa chinangwa kuseri kwa tchalitchi. Ndinali nditavala mkanjo. Simbi inali m'dzanja langa, makala akuyakabe. Amalume analipo, bauti ya belu ili m'manja. Kaya ankafuna kuchenjeza anthu, kaya anangoitola. Amayi anafika opanda mpango kumutu. Pomalizira anafika alamu atabereka mana Lusiya, ndipo mphira yomangira katundu inali ikulendewera m'khosi mwawo.

Anawagoneka pakati pa mizere. Bala linali pansi pa bondo la kumanzere, kumbuyo, pa katumba. Magazi sankayenderera. Ankatumpha, n'kuleka, n'kutumphanso. Ndinadziwa pomwepo kuti ndi mtsempha waukulu. Dzina lake la Chipwitikizi ndinalikumbukira bwinobwino, poti pa mayeso ndinalikhoza. Ndinalitchula chamumtima. Magazi sanasiye.

Onse anatembenukira kwa ine. Sanayang'ane nkhope, anayang'ana mkanjo.

“Mando,” anatero amayi, akunditchula dzina langa lenileni, “gwira ntchito yako.”

Simbi ndinaiimika pa mzere, mosamala, kuti isapsereze kanthu. Ndinatulutsa kope. Tsamba ndinalipeza msanga. Pamwamba panalembedwa kuti garote, ndiko kumanga mwendo kapena mkono kuti magazi aime. Pansi pake panali mizere itatu ya dzanja langa. Woyamba unati, manga pamwamba pa bala. Wachiwiri unati, lemba nthawi pamphumi pa wodwala. Wachitatu unali ndi mawu amodzi okha, akuti kumasula, ndi timadontho tiwiri. Kutsogolo kwa timadonthoto ndinali nditajambula makutu a aphunzitsi. Anali makutu abwino, ofanana ndithu. Ndinawayang'ana kanthawi, kuyembekeza kuti mwina anamva zimene ine sindinamve.

Ndinang'amba mkono wa mkanjo. Ndinaukulunga pa ntchafu, pamwamba pa bondo, n'kumanga mfundo. Pofuna chopotolera ndinathyola mtengo wa chinangwa, unathyokanso. Amalume anandipatsa bauti. Ndinapotola kamodzi, kawiri, katatu. Mana Lusiya analuma mkono wa amuna awo. Pa kachinayi magazi anaima. Bautiyo ndinaimangirira ku mwendo ndi mphira ya alamu kuti isabwerere. Mkono wina wa mkanjo ndinaupinda n'kuuika pa balapo.

Mzere wachiwiri wa m'kope ndinaumvera ndi mtima wonse, poti unali womalizira womveka. Ndinapempha nthawi. Amalume anagwada pambali pa mana Lusiya, anaweramitsa mutu pa wotchi, milomo ikugwedera. Umo ndimo ankawerengera nthawi masiku onse, kuyambira pa thwelofu kutsika. Anati 9.40. Ine ndinathyola kaudzu, ndinakaviika mu viyoleta, ndinapukuta thukuta pamphumi pa mana Lusiya ndi chala chachikulu, n'kulemba.

Amayi sankadziwa kuwerenga. Koma maso anali nawo. Anaona katekisita atagwada akunong'ona, ndi munthu wa mkanjo woyera akupaka kanthu pamphumi pa mwana wawo. Kwathu mphumi ya Mkhristu imakhudzidwa pa ubatizo, pa tsiku la phulusa, ndi pamene ansembe abwera ndi mafuta munthu akutsirizika. Ubatizo unali utachitika kale, ndipo silinali tsiku la phulusa.

Anayamba kulira maliro. Anayambira m'Chilomwe, mmene ankachitira zinthu zikafika poipa. Amalume anawatseka pakamwa ndi dzanja. Mfuti zinali zikumvekabe cha kumsika.

Ndinafotokoza kuti ndi nthawi chabe. Amayi anagwedeza mutu. Anati akudziwa kuti ndi nthawi. Anafunsa kuti yatsala yochuluka bwanji.

Machila tinapanga ndi nsungwi ziwiri za mpanda wa tchalitchi ndi matumba awiri opanda kanthu. Amalume anandiuza kuti ndivule zotsala za mkanjo, poti zoyera zimaoneka patali. Tinafunditsa nazo mana Lusiya, n'kuphimba pamwamba ndi kapulana wa amayi, chitenje chawo chakuda. Dzuwa linali likutentha, koma iwo ankanjenjemera. Zimenezo ndinali nditaziona m'wodi, ndipo kumeneko ankafunditsa. Chifukwa chake sindinkachidziwa.

Tinanyamuka kulowera ku malire. Msewu tinaupewa. Phiri la Mulanje linali patsogolo pathu, ndipo tinkangoti likakhala pamaso ndiye kuti tili bwino. Alamu anali kutsogolo, ine kumbuyo, amalume ankalandira amene watopa. Amayi ankayenda pambali, chala chili m'kamwa, kenako pamphumi pa mana Lusiya. Ankafuta ndi malovu. Viyoleta safutika. Pa zonse zimene ndinatenga ku Kilimane, ndi iye yekha amene anagwira ntchito monga analonjezera.

Tinakumana ndi anthu akuthawira kumene ife tinkachokera. Anati kutsogoloko n'koipa. Ife tinati kumbuyoko n'koipa. Tinayang'anana, kenako aliyense anapitiriza njira yake.

Bambo wina anati mlatho wa ku Muloza watsekedwa. Wina anati ndi wotsegula koma pali asilikali. Wachitatu anati mlathowo kulibenso. Onse atatu anali asanafikeko.

Tinadutsa nyumba ina chitseko chili pululu. M'katimo wailesi inkaimba yokha. Pakhomo panali beseni la zovala zonyikidwa, thovu lisanathe.

Chulu china chokhala ndi mtengo wa mpoza pamwamba tinachidutsa kawiri. Tinali tikungozungulira.

Mana Lusiya anapempha madzi. Ndinakaniza. Ndinkakumbukira timapepala tomata pa mabedi a anthu oyembekezera opaleshoni, toletsa kudya ndi kumwa. Ndinanyowetsa kansalu n'kuwapaka pa milomo. Amayi anati sanamvepo za sukulu yophunzitsa kumana munthu madzi, ndipo ngati ndi zimenezo akanandiphunzitsa okha kunyumba, kwaulere.

Namwino wina wamkulu wa ku Kilimane ankati wodwala azilankhulitsidwa, ukaona wasiya kuyankha udziwe kuti zasintha. Ndiye ndinkawafunsa mana Lusiya maina a nkhuku zawo. Anatchula zisanu ndi imodzi. Ndinafunsanso. Anatchula zomwezo. Kachitatu anati, “Dotolo, ukufuna kuziba?” Ndinadziwa kuti akadalipo.

Dzuwa lili pamutu tinapuma pansi pa mkuyu, m'mbali mwa kamtsinje kouma. Apa mpamene zinavuta.

Phazi linali litasintha. Linali lozizira, lotuwa ngati phulusa, zala zikuda. Mana Lusiya sankadandaulanso za bala. Ankadandaula za pomangapo. Ankati nsaluyo ikuwadula ngati macheka.

“Alamu, phazi likufa ili,” anatero a Bernardo. “Masulani pang'ono lipume.”

Amayi anali ndi mfundo yawo. Anati ngati nthawi yalembedwa kale, munthu sapita atamangidwa. Wotsirizika amamumasula lamba, mikanda, chingwe chilichonse, kuti apite bwino. Bambo athu akutsirizika, amayi anawachitira zomwezo. Mwana wawo sangakafike kwa Mulungu ali ndi bauti pa ntchafu ngati katundu wa pa njinga.

Amalume anangoyang'ana ine.

M'mutu mwanga munali mawu a anthu awiri. Aphunzitsi a makutu aja ndinkawamva akunena kuti uzimasula pakapita kanthawi, magazi ayendeko, mwendo usafe. Namwino wamkulu uja ndinkamumva akunena kuti womasula panjira akakumbe yekha manda. Onse awiri ankalankhula motsimikiza. Sindinkadziwa kuti ndani ananenadi, ndani ndikumupekera. Ndinatsegulanso kope. Makutu anali pomwepo.

Ndinamasula mphira. Ndinabweza bauti kamodzi kokha.

Magazi anabwera ngati anali atadikirira pakhomo. Nsalu inadzaza, inayamba kudontha pa masamba. Mana Lusiya anapuma mpweya wautali ndipo anasiya kubuula. Ndinafunsa maina a nkhuku. Sanayankhe.

Ndinapotolanso. Magazi anaima. Ndinagwira pa mkono wawo. Mtima unkagunda mothamanga, mopyapyala ngati ulusi. Ndinawerenga ndi wotchi ya amalume, ndinasokoneza, ndinayambiranso. Nambala imene ndinapeza sindinaiuze munthu.

Patapita nthawi anatsegula maso. Anati, “Nachisale.” Inali nkhuku yoyamba.

Sindinkadziwa ngati nthawi yakale ikugwirabe ntchito. Kope silinanene. Ndinaganiza kuti kulemba zambiri sikunaphepo munthu. Ndinafunsa amalume, ndinaviika kaudzu, n'kulemba 12.15 pansi pa 9.40.

Amayi anasuzumira. Anayang'ana manambalawo nthawi yaitali.

“Waisuntha nthawi ija?” anafunsa.

Ndinati sindinasunthe kanthu.

“Ngati zimatheka kusuntha, mwananga, suntha ifike mawa.”

Kuyambira pamenepo sanafutenso. Za kumasula sanazitchulenso. Tikapuma ankandipatsa okha kaudzu.

Ndinaona kuti anthuwa andikhulupirira kupitirira muyeso, ndipo ngati mana Lusiya atatisiya panjira, afe akudziwa amene anawamanga. Ndinaima pansi pa mkuyupo ngati munthu wa pa bwalo la milandu. Ndinati, amayi, amalume, alamu, sukulu ija sinaime chifukwa cha nkhondo. Anandichotsa.

“Tikudziwa,” anatero amayi. “Kalata inafika iwe usanafike. Amalume ako anatiwerengera.”

Ndinayang'ana amalume. Iwo anayang'ana wotchi.

Ndinafunsa kuti nanga bwanji ankanditcha Dotolo chaka chathunthu.

“Unkasita bwino,” anatero mana Lusiya, maso ali chitsinzinire.

“Nyamula,” anatero amayi. “Wina palibe.”

Tinanyamula. Tinalowa m'minda ya tiyi yosiyidwa, mitengo itakula kufika m'mapewa. Machila tinkawakweza pamwamba. Alamu anapemphanso kawiri kuti ndimasule. Koyamba ndinakana. Kachiwiri ndinangoika dzanja langa pa bauti, ndipo linakhala pamenepo mpaka ku mtsinje. Sikuti ndinali nditadziwa yankho. Ndinali nditangoona zimene zimachitika.

Tinafika pa mtsinje wa malire, pamalo pamene anthu amaolokera ndi miyendo, kutali ndi mlatho. Panali anthu ambiri, ali chete. Mbuzi yokha ndi imene inkalankhula.

Amalume anatula mbali yawo ya machila. Anati akazi awo, a Rozina, anapita mbandakucha kumunda wa kutsidya kwa msewu, ndipo m'gulu lonseli sakuwaona. Anati abwerera akawayang'ane. Amayi anawagwira malaya. Iwo anachotsa dzanjalo pang'onopang'ono.

Anavula wotchi n'kundimanga pa mkono. Lamba anali wamkulu, anaboola bowo lina ndi minga.

“Ndiwe uli ndi ntchito ndi nthawi lero,” anatero. “Uziipatsa chingwe, uziipukusa m'mawa uliwonse kuti isaime. Bauti ija ukabwere nayo.”

Analowanso mu tiyi. Kanthawi tinkaona mutu wawo. Kenako tinkangoona masamba akugwedera.

Madzi anafika m'chiuno. Machila tinawasenza pamutu, ine ndi alamu. Miyala inali yoterera. Amayi anali pakati, dzanja limodzi lagwira kapulana wawo, lina likuchinga mphumi ya mana Lusiya kuti madzi angafute manambala.

Kutsidya kunali ngati tsiku lina. Amayi othyola tiyi anaima ndi madengu kumsana n'kumatiyang'ana. Bambo wina wa njinga anatilozera kachipatala. Anatsika n'kutenga mbali imodzi ya machila, njinga n'kuisiyira munthu amene sindikudziwa ngati ankamudziwa.

Pa kachipatalapo panali anthu ogona pakhonde ndi pansi pa mitengo. Namwino anali mmodzi, mayi wamfupi wa imvi, kawotchi kakulendewera pa chifuwa. Ankayenda pakati pa anthu osathamanga. Ena ankangowayang'ana n'kudutsa, ena ankawagwira pa khosi, ena ankawauza kuti adikire. Ofuula kwambiri ndi amene ankawadutsa. Atafika pa ife sanafunse dzina. Anawerenga pamphumi, anayang'ana kawotchi kake, anakweza kapulana.

Alamu anapumira m'mwamba. Anati tsopano tafika, n'kutambasula dzanja kuti amasule mphira. Anamwino anawamenya pa dzanjapo, phwa, ngati mwana wofuna kuba ndiwo.

Anati mwendo umene wamangidwa maola ochuluka chonchi, magazi okhala m'menemo amakhala ataipa. Ukamasula pano, popanda dokotala, apita ku mtima, ndipo munthu amene wapirira njira yonseyi angathere pakhonde. Akamasula ku chipatala chachikulu, ngati n'komasula.

Kenako anayamba mafunso, manja akugwira ntchito. Wavulala ndi chiyani? Magazi ankatuluka bwanji? Anakomokapo? Mwamupatsa chiyani? Manambala awiriwa ndi a chiyani? Wamanga ndani?

Funso lomalizalo ndinaganiza zolipatsanso nkhondo. Amayi anandiloza.

“Unayamba wakanikiza pa balapo, mwamphamvu, ndi nsalu?”

Ndinati zimenezo sizinalembedwe.

“Unamasula?”

Ndinati kamodzi, pa nambala yachiwiriyo.

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kenako anaona zotsala za mkanjo pa mana Lusiya, wopanda manja, wofiira.

“Usadzachitenso,” anatero. “Koma walemba. Anzako amangobweretsa munthu, ndikafunsa kuti mwamanga liti amati kale.”

Apa ndinaona kuti kawotchi kawo kakuti 3 koloko, pamene ya amalume ikuti hafu pasiti. Ndinawauza. Amayi ndi amene anayankha. Anati alongo awo amaipititsa patsogolo ndi theka la ola, kuti akaimba belu anthu azifika mapemphero asanayambe. Mudzi wonse unkadziwa. Ine ndekha, wophunzira, ndi amene sindinkadziwa.

Ndinati ndiye kuti manambala onse awiri ndi olakwa. Anamwino anatenga cholembera, anachotsera theka la ola pa pepala limene ankalemba, n'kulimata pa kapulana ndi pini. Anati theka la ola limenelo silibweza mwendo, koma ndachita bwino kunena.

Anabaya diripi. Botolo anapatsa alamu kuti aligwire m'mwamba, ndipo analigwira ngati kandulo ya Pasaka. Anawonjezera bulangete. Anatuma munthu kukaimitsa lole ya kampani ya tiyi.

Amayi anadikira mpaka zonse zitatha. Kenako anagwada, anawomba m'manja pang'ono, n'kufunsa anamwino kuti malinga ndi zolembedwazo, mwana wawo awasiya nthawi yanji. Anamwino anati manambalawo si a kupita, ndi a nthawi imene chingwe chinamangidwa. Amayi anati oho. Anamva nthawi yomweyo. Ine ndinali nditanena zomwezo kasanu, koma mkanjo wa anamwino unali ndi manja onse awiri.

Lole inabwera. Anakwera mana Lusiya, alamu ndi amayi. Malo a ine panalibe. Anamwino anandipatsa beseni kuti ndikataye. Ntchito imeneyo ndinkaidziwa. Ndinakhala pamenepo masiku anayi ndikutaya mabeseni, kuyala mphasa makona ake n'kuthwa, ndi kuyang'ana njira ya ku mtsinje.

Mwendo anaudula pamwamba pa bondo. Viyoleta anatenga milungu iwiri kuti achoke pamphumi, ndipo m'wodi monse mana Lusiya ankatchedwa Naini Fote. Bauti sinabwerere. Ndinaifunsa, koma anthu a ku chipatala chachikulu anali ndi zina zoganiza.

Ku msasa tinakhala zaka. Mtendere utabwera tinaoloka pa mlatho uja, umene unalipo nthawi yonseyi. Chinangwa chinali chitasanduka nkhalango. M'munda wa kuseri kwa tchalitchi anatiletsa kuponda mpaka atafufuza mabomba okwirira, ndiye za simbi sindikudziwa. Tchalitchi chinalibe denga. Limu inali pamalo pake, waya atalowa m'khungwa la mango.

Tinaumba njerwa za tchalitchi, kenako za posto, kachipatala kathu. Ine ndinali woponda dothi. Posto itatsegulidwa kunabwera enfermera, namwino wachitsikana amene anamaliza zigawo zonse. Ndinadikira tsiku lopanda anthu ambiri, n'kupita ndi kope langa. Ndinamuonetsa tsamba lija. Anaseka makutuwo, kenako anandiuza. Yamba waona ngati malowo sakuphetsa iwe. Ona ngati munthu akupuma. Kanikiza pa bala ndi nsalu, mwamphamvu, osasuzumira. Zikakanika, manga, lemba nthawi, ndipo usamasule. Omasula ali kutsogolo. Mufunditse, uzimulankhula, nyamukani. Ukafika, nena zonse, ngakhale zimene walakwitsa.

Ndinalemba pansi pa makutu. Tsamba linakwana.

Ndinamufunsa ngati mwendo uja ukanapulumuka ndikanayamba ndi kukanikiza. Ndinafunsanso ngati magazi a pansi pa mkuyu aja akanawapha mana Lusiya ndikanachedwa pang'ono. Anati iye panalibe. Ndinafunsa mana Lusiya ngati amandisungira mlandu. Anati mlandu ulipo umodzi, wa nkhuku zisanu ndi imodzi, poti ndinazifunsa kwambiri ndipo sanazipezenso.

Amayi anamwalira kuno, pakhomo pawo, chaka chachiwiri titabwerera. Tinawamasula mikanda.

Amalume a Tomasi ndi a Rozina tinawafunsa m'misasa yonse imene tinkamva kuti kuli anthu a kwathu. Tinafunsa obwerera kuchokera ku Molumbo ndi ku Majaua. Wina anati anawaona onse awiri. Wina anati anaona amalume okha. Wina anati amene anamuonayo anali katekisita wa kwina.

Belu ndimaimba ine, ndi khasu lakutha. Wotchi ndimaipatsa chingwe m'mawa uliwonse. Sindinaikonze. Lamlungu ndimamenya limu iyo ikati 8 koloko, ndipo aliyense amadziwa kuti nthawi ikadalipo. Mana Lusiya amatseka chitseko, amatenga ndodo zawo, n'kuyamba ulendo. Kuchokera kwawo kufika pa tchalitchi, ndi mwendo umodzi, ndi theka la ola. Amalowa tikuimirira nyimbo yoyamba.